Makina Osadziwa Tcheyamani

Lolemba, 10 Ogasiti 1992

Tiyi wazirala m'ketulo kawiri lero. Makasitomala onse ali kwa Manase, pamakina ake amasewera akale aja a kampira kodumphadumpha pa TV. Zikapitirira chonchi, tiyirumu yangayi nditseka mwezi uno. Koma achimwene a Ambokile andibweretsera atsopano kuchokera ku Mbeya: amakaka, oimba, timunthu tiwiri tikuswana nkhonya. Ndawafunditsa chitenje kuti anthu avutike kaye ndi chidwi.

Lachinayi, 13 Ogasiti

Ndinanong'oneza Keziya wogulitsa mandasi, n'kumuuza kuti asauze munthu. Pofika masana dera lathu lonse la Hara ladziwa. Batire tatchajitsa ku Chilumba.

Loweruka, 15 Ogasiti

Tatsegulira. Anthu mpaka m'mawindo, ena matope a kumpunga akadali m'miyendo. Mwa nthawi zonse, chatsopano amayamba ndi a Yotamu, tcheyamani wa Chipani kuno. Ine osaganiza kuti palibe angamenye tcheyamani, ngakhale pa TV. Aliyense wosewera nawo amangoimika kamunthu kake kuti kakunthidwe. Aphunzitsi a Morton mpaka anachita kutsinzina. A Yotamu apambana kakhumi, batani la chibakera osalidziwa n'komwe.

Lachiwiri, 18 Ogasiti

Abweranso, apambananso. Anthu abwerera kwa Manase, ati kumeneko munthu umasewera zenizeni. Manaseyo wandipatsa moni wa mano onse pamtunda. Zandiwawa.

Lachisanu, 21 Ogasiti

Ndapalamula dala. Ndinawauza a Yotamu kuti m'Hara muno mulibenso wolimbana nawo, atsala makina eni ake. Anavomera monyadira, ine n'kutchera zoti asewere okha ndi makinawo. Tsono makina alibe khadi la Chipani, ulemu sadziwanso. Anawagwetsa katatu, kamunthu kawo gada, kanyimbo kakulira. Ndinachita mantha kwambiri, ndikuganiza za ayufi a Chipani ndi amene adzandilerere ana.

A Yotamu anapukuta thukuta n'kutembenuka.

"A Morton, imwe munapita kusukulu. Khalani apa mundilipsirire. Kuchimenya kwenikweni chimunthu ichi, mwapulika?"

A Morton anamenya ndi mtima wonse, koma nawonso anagwa. Pano mzere wafika kumsewu, aliyense akufuna kulipsira tcheyamani, ndipo podikira akumwa tiyi. A Yotamu eni akewo aima pakhomo, akukoka aliyense wodutsa. Za khadi sakufunsa n'komwe.