Fani Yochokera ku Kasakula

Lachiwiri, 17 June

06:48 Tahira: pepani network inaduka, kuno ku Kasakula m'mawa imavuta. mumati ndinu akazi awo a Andireya a ku Chezi eti?

06:49 Luckness: eee, ndine Luckness. number yanu anandipatsa okha dzulo, akuti mashini ikavuta ndifunse a Tahira a mu group ya ma miner

06:49 Tahira: iwowo ali kuti?

06:51 Luckness: 🎤 voice note 0:46
"Anachita ngozi Lamulungu, akuchokera ku tchalitchi pa njinga yamoto. Mwendo unathyoka pawiri. Ali kuchipatala ku boma, akuwadwazika ndi alamu anga a Chikhumbo. Ine ndatsala pakhomo chifukwa cha anapiye. Tinatenga mazana awiri Lachisanu, ndiye kholalo amalifunditsa ndi mpweya wotentha wochokera ku mashini yawo ya bitcoin ija, analumikiza paipi. Za bitcoinzo ine sindidziwako kanthu. Chomwe ndikudziwa n'choti mashini yazima, ndipo kuzizira kwa lero mukukumva nokha."

06:52 Tahira: pepani kwambiri. tiyeni tione. kutsogolo kwake kuli timagetsi tiwiri, kobiriwira ndi kofiira. kakuyaka ndi kati?

06:53 Luckness: kofiira. kakuphethira

06:53 Tahira: mukaizimitsa nkuyatsanso ikutani?

06:54 Luckness: imalira ngati chigayo kenako zii. ndayesa kangapo

06:54 Tahira: musayesenso plz. zimitsani pa switch ya pakhoma, zulani ma plug onse

06:56 Luckness: ndazula

06:57 Tahira: ili ndi mafani awiri. ina kutsogolo yokoka mpweya, ina kumbuyo komwe kuli paipi yanuyo. zungulizani iliyonse ndi chala

06:59 Luckness: yakutsogolo ikuzungulira bho. yakumbuyo ndimasule kaye paipi, anamanga ndi malegeni

07:10 Luckness: 📷 chithunzi

07:10 Luckness: iyi ikulimba. muli fumbi la utuchi lokhalokha

07:11 Tahira: eish. mashiniyi imakoka mpweya wa kukhola komweko ndiye zonsezo zakhala zikulowa. pezani mswachi wakale ndi pampu ya njinga. pukutani, kenako uzirani. madzi ayi

07:12 Tahira: kabokosi ka pamwamba kolowa chingwe cha magetsi ako musakatsegule olo pang'ono. kamasunga moto ngakhale mutazula

07:13 Luckness: dikirani kaye. anapiye akulira modabwitsa

07:31 Tahira: zili bwanji uko?

07:52 Tahira: a Luckness?

08:19 Luckness: 🎤 voice note 0:39
"Pepani. Anaunjikana pakona pofuna kufunditsana, ndiye apansi anaponderezedwa. Asanu ndi mmodzi afa. Ndasonkha mbaula, ndaikamonso mabotolo a madzi otentha okulunga m'zitenje. Koma mbaula imodzi sikukwanira khola lonse, komanso sungaisiye yokha, mpweya wa makala umawapha ukatseka kwambiri. Makala enieniwo atsala theka la thumba."

08:20 Tahira: za nkhuku ine ndi mbuli, pamenepo muziona inuyo. ine ndikhala pa mashini. mwapukuta?

08:41 Luckness: ndapukuta. panopa ikuzungulirako koma ikumveka khwekhwerekhwe

08:42 Tahira: ok. bwezerani ma plug, yatsani. foni yanu ilumikize wifi ya ka router kamene kali pambali pake. mu chrome lembani 192.168.8.101

08:46 Luckness: ikufunsa dzina ndi password

08:46 Tahira: root, pansinso root. anthu ambiri sasintha

08:47 Luckness: yalowa kkk amuna angawa, bambo a Chiko, ndi mmodzi wa ambiriwo

08:47 Tahira: pitani polembedwa status munditumizire screenshot

08:49 Luckness: 📷 screenshot

08:50 Tahira: mwaona pansipo? fan1 5880, fan2 0. ndipo yalemba fan lost

08:50 Luckness: ndiye kuti chani

08:52 Tahira: 🎤 voice note 0:33
"Ndiye kuti fani ya kumbuyo yafa. Mashiniyo siyinaonongeke ayi. Mkati mwake muli ma board atatu amene amagwira ntchito yonseyo, ndi amene amatulutsa kutenthako. Ikaona kuti fani imodzi siikuyenda imadzizimitsa yokha kuopa kuti ma boardwo angapse. Nkhani ndi kupeza fani ina basi."

08:53 Luckness: tili ndi fani ya patebulo. ndingoiimika kumbuyoko?

08:53 Tahira: mashini siyingaione imeneyo, ikanabe kuyaka

08:54 Luckness: palibe njira yoipusitsa?

08:55 Tahira: ilipo koma sindikuuzani. pafupi ndi utuchi wouma mungayatse nyumba

08:55 Luckness: chabwino

08:56 Tahira: ndifunse kaye ku Lilongwe

09:24 Tahira: munthu amene amaitanitsa zimenezi akuti zinatha. zina zibwera sabata ya mawa

09:25 Luckness: sabata ya mawa mkhola mudzakhala mulibe kanthu

09:26 Luckness: dzulo atangotsitsimuka funso lawo loyamba linali la anapiye. lero akandifunsa ndiyankha chani

09:27 Luckness: pepani, ndikukulirirani ngati ndinu m'bale wanga

09:58 Tahira: ndapeza ina. ndamupatsa Petulo wa kabaza, wavala jekete ya yellow. wanyamuka pompano, ndamupatsa number yanu

09:59 Luckness: zoona?

09:59 Luckness: Mulungu akudalitseni asisi. nanga za mtengo wake

10:00 Tahira: zimenezo a Andireya akachira. inu sonkhezerani mbaula

10:01 Luckness: zkm zkm zkm

12:14 Luckness: Petulo sanafike. foni yake sikupezeka

12:30 Luckness: asisi

12:41 Tahira: ndinali ndi makasitomala mu shop. wandiimbira pa foni ya munthu wina, tayala linaphulika pachitunda china. akumata. afika

12:43 Luckness: ok. afa enanso atatu

12:44 Luckness: komanso alamu aimba. bambo a Chiko alowa nawo ku theatre, akukaika zitsulo mmwendo. amati mawa koma asintha

12:44 Luckness: ndili pano ndikukupiza mbaula mwamuna wanga akumung'amba

12:46 Tahira: ngakhale mutanyamuka pano mukangokhala pa benchi panja, mkati sakakulowetsani. a Chikhumbo alipo. malizani izi, mawa mukapite ndi nkhani yabwino

12:47 Luckness: mukunena zoona

12:52 Luckness: ndilankhuleniko zina, mutu ukuyenda. inuyo za mashinizi munaphunzira kuti?

12:56 Tahira: 🎤 voice note 0:41
"Sindinapite kusukulu yake ayi. Mashini ya kuno anagula amuna anga a Aziz, ine ntchito yanga inali shopu basi. Ndiye anadwala, anagonekedwa nthawi yaitali. Tsiku lina inangozima ngati yanuyo. Ndinaimbira anthu a mu group, wina samayankha, wina akuti mayi musakhudze mungaononge. Ndinakwiya. Ndinatenga screwdriver ndi YouTube, ndinaimasula yonse pa mkeka."

12:57 Luckness: kkkk inatheka?

12:57 Tahira: ndinapsereza board imodzi. ziwiri zinatsala

12:58 Luckness: nanga a Aziz anachira?

13:20 Tahira: Petulo akuti wadutsa pamsika wa Chezi. tulukani kumsewu

13:34 Luckness: wafika. fumbi mpaka m'nsidze

13:35 Tahira: zulani ma plug kaye. fani yakale ili ndi ma screw anayi, Petulo ali ndi screwdriver mu chikwama. kachingwe kake kazuleni pogwira ka pulasitiki koyera, osakoka mawaya

13:49 Luckness: yachoka. yatsopano ndamanga. kachingwe kalowa mpaka kulira kuti tcha

13:50 Tahira: bwezerani paipi, yatsani. ilira kwambiri poyamba, musaope. ipatseni nthawi

13:57 Luckness: 🎤 voice note 0:09
(phokoso la mashini)

13:57 Luckness: kobiriwira kayaka asisi

13:58 Tahira: alhamdulillah. screenshot

14:00 Luckness: 📷 screenshot

14:00 Luckness: koma kukhola paipi sikutulutsa mpweya. ndaika dzanja, palibe

14:01 Tahira: temp ikuti 88. refresh

14:01 Luckness: 94

14:01 Tahira: zimitsani pakhoma pompano

14:02 Tahira: mwazimitsa?

14:02 📞 missed call, Tahira

14:04 Luckness: ndazimitsa. ndinathamanga foni inatsala kukhola. ndaipsereza?

14:05 Tahira: sindikudziwa. onani m'mbali mwa fani yatsopanoyo, pali kamuvi kakang'ono. kakuloza kuti?

14:07 Luckness: kakuloza mkati mwa mashini

14:07 Tahira: ndi zimenezo. yakhala chagada. mafani onse awiri amauzira mkati, mpweya umasowa kotulukira. ndinaiwala kukuuzani za kamuviko, pepani

14:08 Tahira: tembenuzani kaloze ku paipi. koma isiyeni izizire kaye, mpatseni Petulo madzi akumwa

14:33 Luckness: ndatembenuza. ndiyatse?

14:33 Tahira: yatsani. dzanja likhale pa switch

14:42 Luckness: 📷 screenshot

14:43 Tahira: fan1 5900, fan2 5760. temp 71. ma board onse atatu akuoneka, hashrate ikukwera, ndiye kuti ikukumba bitcoin. palibe chapsa

14:43 Tahira: pitani kukhola

14:51 Luckness: 🎤 voice note 0:27
"Mpweya ukutuluka, wotentha bwinobwino. Mukumva? Asiya kulira kuja. Ayamba kuchoka pakona mmodzimmodzi, ena afika kale pa chakudya. Asisi, ine sindikudziwa kuti ndinene chiyani. "

14:52 Tahira: chotsani mbaula tsopano. mawa muike neti ya udzudzu yakale kutsogolo kwa mashini, izisefa fumbi. muziikutumula tsiku lililonse

15:26 Luckness: asisi

15:26 Luckness: Petulo akumwa tiyi pano. akuti fani imeneyi anakuonani mukumasula pa mashini yanu

15:40 Luckness: ndiye kuti yanu yazima chifukwa cha ine?

16:05 Tahira: Petulo pakamwa pake sipatsekeka

16:06 Luckness: bwanji simunandiuze

16:07 Tahira: mukanakana. yanga imangotenthetsa makatoni a sopo ku stoo, palibe chimene chifa. ndaitanitsa kale ina

16:08 Luckness: ndikulira pano Petulo akundidabwa

16:08 Tahira: muuzeni anyamuke kusanade, msewu uja ndi woipa

17:48 Luckness: alamu sakuyankha foni

18:10 Luckness: mpaka pano zii

18:11 Tahira: mwina ku ward sakulola mafoni. ndili pompano

18:55 Luckness: atuluka. atsitsimuka. adokotala akuti zayenda bwino, mwendo sadula

18:55 Luckness: Ambuye ndi wabwino

18:56 Tahira: alhamdulillah. ndasangalala ngati ndi kwathu

19:09 Tahira: funso lanu la masana lija. a Aziz sanachire. papita zaka zitatu. sindikanakuuzani amuna anu ali ku theatre

19:15 Luckness: asisi

19:21 Luckness: ndalemba ndafufuta, ndalemba ndafufuta. pepani kwambiri

19:22 Tahira: palibe kanthu. mukadye, lero simunadye ndikudziwa

Lachitatu, 18 June

06:20 Luckness: mwadzuka bwanji. palibe wafa usiku. temp 69, fan2 5700. neti ndaika. anapiye ndawasiyira mayi a pafupi nafe, ndikupita ku boma

06:41 Tahira: ndadzuka. taonani, mwayamba kuwerenga status nokha. muwapatse moni

11:37 Luckness: 🎤 voice note 0:35
"A Tahira, ndine Andireya. Mawu ndi ochepa, mankhwala akadali m'thupi. Mayi a Chiko andifotokozera zonse. Ife timangodziwana pa group, simunadyepo ngakhale chinangwa cha pakhomo pathu. Zikomo. Adokotala akuti nditenga miyezi ndisanayende bwino, ndiye mashini ija tsopano ili m'manja mwa mayiwa. Muziwapirira akamafunsa."

11:52 Tahira: auzeni achire msanga, ndipo asinthe password kkk

11:53 Tahira: ndakuikani mu group. wina akakuuzani kuti musakhudze mundiuze

11:55 Luckness: kkkk chabwino

Loweruka, 26 July

09:12 Luckness: asisi mwadzuka? nkhuku zakula, ogula ayamba kubwera. ndapatula zinayi zonenepa, ndi zanu. ndibweretsa zamoyo kuti akazizinge a kwanu konko

09:30 Tahira: zinayi zachuluka

09:31 Luckness: sindinakufunseni

09:31 Luckness: Petulo anditenga Lolemba. bambo a Chiko ayamba kuyenda ndi ndodo, atsala ndi mwana

09:33 Luckness: koma ndangozindikira kuti nkhope yanu sindikuidziwa. pa dp pali maluwa. tumizani pic ndisakapatse nkhuku munthu wolakwika

09:40 Tahira: pic ayi. shopu ya buluu moyang'anana ndi chigayo

09:41 Tahira: mubwere ndi chovala chosinthira, simubwerera tsiku lomwelo