Oyilo wa m'wotchi ya Ababa

Amayi, kodi kumeneko mwadzukako bwanji?

Kuno tilipo, koma ine mtima suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino kaye, monga munkachitira inu mukafuna kutikalipira. Mdzukulu wanu Marita wachira mwezi wathawu ku Lirangwe, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Pakamwa ndi panu pomwe, akayamba kulira mudzi wonse umadziwa. Chimanga chaka chino chatinamiza, mvula inadula chitangoyamba kumasula. Panopa ana anga akudya ndi kupita kusukulu chifukwa cha dimba lanu lija la kumtsinje, tomato ndi mpiru ndikugulitsa pamsewu wa ku Chileka. Chiliza chanu amanga, tikuchionetsa Loweruka lino, ndipo achimwene a Filipo afika Lachisanu pa basi kuchokera ku Joni.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholemberayi. Amayi, wotchi ya Ababa yaima.

Ndikunena yomwe ija anawapatsa mzungu woyendetsa ndege, amene anamuphikira zaka zambiri ku Chileka, tsiku limene ankabwerera kwawo. Yolemera bwino m'manja, yosadya batire, yongofuna kuiwayinda m'mawa uliwonse. Ababa ali gone anasiya mawu awiri okha, kuti wotchiyo ndi ya Filipo, ndiponso kuti munthu asadzaitsegule. Inu munaisunga zaka makumi awiri, osalola kuti ipite ku Joni, mumvekere kumeneko amadula mkono chifukwa cha wotchi. Mlendo aliyense wobwera pakhomo munkamuonetsa, n'kumati, "Ine sindinaitsegulepo, ngakhale kuisuzumira." Ku Mvano anzanu ankakutchulani ngati chitsanzo cha mkazi wosunga mawu a mwamuna wake.

Titakuikani m'manda, amalume anagamula monga mwa mwambo wathu. Munda ndi dimba n'zanga, poti ndine mwana wamkazi ndipo ndili pamudzi. Achimwene chawo ndi wotchi basi, adzailandire pa chiliza abale onse akuona. Ine anangondisungitsa.

Ndinkaiwayinda mokhulupirika, Amayi, ndisanasese n'komwe. Koma itafika nyengo yozizira inayamba kutsalira. Lero mphindi zisanu, mawa khumi, kenako kumaima pakati pa tsiku mpaka nditaigwedeza. M'makutu mwanga munkangomveka mawu anu aja a pa mashini osokera, akuti chitsulo chikayamba ulesi ndiye kuti chili ndi njala ya mafuta. Ndinatenga nsonga ya mpeni n'kutsegula kumbuyo kwake, ndinatenga kabotolo kanu ka oyilo m'kabati ya mashini, n'kudontheza madontho awiri. Inayenda masiku awiri mokondwa. Tsiku lachitatu lake inangoti zii.

Kupusa kwanga, ndinauza amalume kuti yaima, ngakhale za mpenizo ndinabisa. Dzuwa lisanalowe foni inali italira kale.

"Achemwali, ndikumva zoona?" anatero achimwene, moni osapereka. "Kuno munthu wodziwa anaona chithunzi chake, akuti ikakhala yoyenda ndi ndalama yogulira poloti. Inu muli ndi munda, muli ndi dimba, ine changa n'chimodzi chomwecho. Ngati yafera m'manja mwanu, dimba lija ndilibwereketsa kwa anthu mpaka mtima wanga utatsika. Amalume avomera kale."

Sindikuwada, Amayi. Munthu wakhala akugona pa katoni kwa eni ake zaka zonsezi akudziwa kuti kwawo kuli kanthu kake kamodzi. Koma dimba likapita, ana anga ndiwadyetsa chiyani?

Lolemba ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, kwa mdala wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo. Atangoiona anapukuta manja m'malaya asanaigwire. Anaika kagalasi padiso, n'kuitsegula mwaulemu ngati akutsegula Baibulo.

"Mayi, wotchi ngati iyi sisungidwa ngati khasu," anatero. "Imafuna kuiphwasula yonse pakapita zaka zingapo, kuitsuka, n'kuipaka mafuta akeake ndi kansonga kochepa kuposa singano. Eni ake amalipira zimenezi ngati fizi ya mwana. Timano ta timagudumu iti tadyeka. Kampani imene inkapanga inatseka kalekale, zitsulo zake kulibe kokagula. Pokhapokha muitumize kunja, kwa mmisiri woti akasule kagudumu kamodzikamodzi pamanja. Mtengo wake, gulitsani ng'ombe ziwiri, mwina muyambe kukambirana."

Ine ng'ombe ndinaiona liti? Ndinangoulula, misozi ili chuchuchu, kuti ndaipha ndine ndi madontho anga awiri. Mdala uja anaseka pang'ono, n'kundipatsa kagalasi kaja kuti ndione ndekha.

"Oyilo wanuwo ndi uwu, woyerawu, wadzulodzulo. Wangoitsiriza basi. Koma taonani pansi pakepa, phala lakudali, louma ngati phula. Uyu ndi oyilo wa mashini yemweyu, wa zaka ndi zaka, wina pamwamba pa mnzake. Wakhala akukoka fumbi n'kumapera timanoti pang'onopang'ono. Ndipo taonani m'mphepetemu, mabala a mpeni. Lanu ndi limodzi ili. Enawa ndawerenga ndatopa. Anaisunga inu musanaisunge ndani?"

Amayi!

Khoswe wa padenga waulula wa padzala. Zaka makumi awiri, inu ndi kampeni kanu, mwatseka chitseko ife tili kumunda, kenako n'kutuluka kukauza alendo kuti simunaisuzumirepo! M'minibasi pobwerera ndinaseka ndekha mpaka anthu kunditembenukira, kenako ndinakwiya, ndipo kunena zoona mpaka pano ndikadakwiyabe. Paja amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, koma kwathu kuno zodya akulu zapota mwana. Mukanangondinong'oneza muli m'chipatala muja. Nthawi munali nayo, munandiuza ngakhale za nkhuku imene munabwereka kwa anansi.

Komabe ndikudziwa chimene munkachitira. Munkaiona ikufooka, ndipo simukanapirira kuti chinthu cha Ababa chiime inu mukuona. Inenso n'chomwecho chinandigwiritsa mpeni.

Ndiye onani pamene mwandiika. Achimwene sakhulupirira za pakamwa, wotchiyo akaionetsa kwa amisiri a ku Joni. Akakaona phala lakudalo, ine ndapulumuka, dimba latsala. Ndikhozanso kuimirira Loweruka, pamaso pa amalume, azimayi a Mvano ndi abusa, nsalu itangochotsedwa pa chiliza, n'kunena kuti wotchiyi anaiwononga ndi amene agona apawa, mawu a amuna awo sanasunge, ndipo ankatinamiza tonse. Zonsezo n'zoona. Ndayeserera kuzinena ndili kudimba, kawiri konse, koma pofika pa dzina lanu lilime limakana. Ine ndikhoza kudziyankhira. Inu mudzayankha bwanji?

Lero Lachitatu ndinabwereranso ku Limbe. Ndinapempha mdala uja kuti aitsuke, achotse phala lonse lakale, ndipo m'mphepete muja apalepo kuti mabala asawerengeke. Anandiyang'ana kagalasi kali pamphumi.

"Kutsuka sikuidzutsa, mayi. Ndipo mukudziwa kuti umboni wanu ndi womwewu?"

Ndinati ndikudziwa, tsukani. Anatsuka mosafulumira, osandifunsanso kanthu, ndipo ndalama ya tomato wa dzulo anati yakwanira. M'kati munawala ngati simunalowepo dzanja la munthu. Nditafika kunyumba ndinatenga mpeni, ndinaitsegulanso, n'kudontheza madontho awiri a oyilo wanu. Tsopano aliyense woitsegula apezamo munthu mmodzi yekha.

Ndili ndi mantha, Amayi, sindikubisirani. Sindikudziwa ngati achimwene adzandimvere chisoni, kapena ngati mwezi wamawa ndidzakhale ndikuthirira tomato wa eni ake m'dimba lanu lomwe, pa ganyu. Mukakumana ndi Ababa kumeneko, nkhaniyi muwauze nokha, imeneyo ndiye sindikusenzerani. Koma Loweruka amalume akadzafunsa kuti anatsegula wotchi ndani, ndidzaimirira n'kunena kuti ndine, ndekha, kamodzi. Dzina lanu silidzatuluka pakamwa panga, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale mwandilakwira,

Esinati