Kalongonda mu Fomu 3

Lolemba, 10 Juni 2024

Ahedi abwera ndi nkhani ya ku semina: tizilowetsa zikhalidwe za ana m'maphunziro. Ndinafunsa kuti nanga mu Bayoloje chikhalidwe chilowa pati? Anangoti, "A Hopeson, mudzaona nokha."

Mawa mu Fomu 3, poizoni wa m'zakudya zina. Ndiyesa pamenepo.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndayesa. Sizinathe bwino.

Ndinafunsa kuti kwanu kuli chakudya chanji chimene chimapha mukachiphika molakwika? Jabir anati chinangwa chowawa, kwawo amachiviika masiku angapo. Bwino. Kenako Mervis, mtsikana wa benchi yakumbuyo amene chaka chonse sanakwezepo mkono, anati, "Kalongonda, aphunzitsi." Anayamba kufotokoza mwadongosolo, kuposa mmene ndimafotokozera ine. Asanafike patali Calvin analowerera: "Zakudya za Anguru zimenezo." Kalasi yonse kuseka.

Nanenso ndinamwetulira. Mervis anandiona.

Lachitatu, 12 Juni

Mervis sanabwere.

Lachinayi, 13 Juni

Sanabwerenso. Anzake akuti sakudwala.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti dzina lonyoza Alomwe lija ndinaliphunzira kwa ndani. Ndinakulira pa Mishoni pompa, tinkalitchula osaganiza n'komwe. Kalongondayo, nyemba zikuluzikulu zija, ndimamuona m'mabeseni pamsika wa Songani tsiku lililonse, koma sindinamulawepo. Chomera chake chimaoneka bwanji? Poizoniyo amachoka bwanji? M'buku lathu mulibe. Munthu yekhayo amene akanandiuza ndi amene ndamuthamangitsa.

Loweruka, 15 Juni

Ndinapalasa njinga mpaka kwawo kwa Mervis, kutsidya kwa mtsinje. Ndinapeza bambo ake, a Mateyo, akuyanika mpunga. Moni anayankha, mpando anandipatsa, kenako: "Ndinu aphunzitsi oseka aja?"

Ndinavomera. Ndinapepesa.

Anapitiriza kusalaza mpunga ndi phazi. Ndiye anati agogo awo anachoka ku Mozambique wapansi, mbewu ya kalongonda ili m'kansalu. "Chaka cha njala chija, omwe ankatiseka anabwera kudzafunsa kaphikidwe. Tinawaphunzitsa. Ena anachita manyazi kufunsa, anaphika okha. Awiri tinakawaika."

Ndinafunsa mafunso ambiri mpaka ndinadzimvera chisoni. Anandionetsa chomeracho chitayanga pamtengo wa mango, makoko ake aubweya. Ndinawapempha abwere adzaphunzitse kalasi yanga. Anaseka: "Ine ndinalekera Sitandade 4." Kenako anati wonyozedwa si iwo, ndifunse mwini wake.

Mervis anayankhira m'nyumba, osatuluka: "Abwere. Koma ine sindidzayankhula."

Lolemba, 17 Juni

Ahedi alola, bola mwana aliyense asalawe kanthu. Mervis wabwera. Sanandiyang'ane.

Lachiwiri, 18 Juni

A Mateyo anafika atavala jekete la kutchalitchi, atanyamula mabotolo atatu ndi kathumba ka nyemba zosaphika. Ine ndinakakhala pa benchi ya ana, kope m'manja. Botolo loyamba madzi akuda bii, otsalira pa kuwiritsa koyamba. Lachiwiri ofiirira. Lachitatu oyera. Ana anayamba kudzuka m'mipando kuti aone. Jabir anafunsa ngati nkhuku ingafe itamwa akudawo. "Usayese pa nkhuku ya amayi ako," anatero.

Kenako anafunsa kalasi: "Madzi timataya kangati kuti munthu adye osaledzera, osafa?"

Wina katatu. Wina kasanu. Dina anati kakhumi. A Mateyo ankawapukusira mutu onsewo. Mervis anangoyang'ana pawindo, monga analonjezera.

Yankho linachokera kumene sindinkayembekezera, motsitsa mawu.

"Sawerenga. Amataya mpaka madzi atayera. Ndipo makoko amayamba achotsa."

Calvin.

A Mateyo anayenda pang'onopang'ono mpaka pa desiki yake, n'kumuyankhula mawu angapo m'Chilomwe. Ine sindinamve kanthu. Calvin anayang'ana pansi, makutu ake okha akuoneka, kenako anayankha. M'Chilomwe momwemo, mawu awiri kapena atatu.

"Wakuphunzitsa ndani?" a Mateyo anafunsa m'Chichewa.

"Amayi."

Palibe anaseka. A Mateyo anamupatsa botolo lakuda lija kuti azungulire nalo kalasi, aliyense aone. Anayambira kutsogolo, benchi ndi benchi. Atafika kumbuyo anaima pa Mervis, botolo lili m'manja. Mervis anamuyang'ana kaye, kenako anasendera kukhoma, n'kumusiyira malo pa benchi.