Msomali wa m'nsapato yakumanzere

Lolemba, 3 Malichi
Magazi pasokosi ya akazi anga. Eni ake osamva kanthu. Shuga ameneyu anawapha mapazi kalekale, ngakhale ataponda khala lamoto sangadziwe. Chilonda pansi pa chidendene chakumanzere, kukula ngati batani la malaya.

Lachiwiri, 4 Malichi
Kuchipatala. Anamwino atsuka, achotsa khungu lakufa, amanga bandeji. Asapondere phazilo. Tsiku lililonse kuona kunsi kwa mapazi pakalilole, kupukuta pakati pa zala, osayenda opanda nsapato. Ndiye kwa ine: "Asanavale, muzipisa dzanja m'nsapatomo. Mumagwira ntchito yanji, bambo?" Ndati ndimasoka nsapato. Akuti, "Ndiye mayiwa ndi amwayi!" Ndaseka nawo, chitsiru ine.

Lachinayi, 6 Malichi
Ndapisa dzanja m'nsapato yawo yakumanzere. Msomali. Nsonga yake yandibaya chala. Wanga womwe. Ndinawakhomera chidendene cha nsapatoyi mwezi watha, mothamanga, kasitomala ataima pakhomo. Zaka makumi atatu, nsapato ya mlendo sichoka pabenchi panga ndisanaisisite m'kati. Ya akazi anga ndinangoponya m'thumba. Woumba mbiya amaphikiradi m'phale. Ndauzula, ndaubisa m'kachitini ka singano. Sindinauze munthu.

Lamlungu, 16 Malichi
Phazi latupa, layamba fungo. Adokotala akuti zikafika pafupa tikambirana zodula. Mwana wathu woyamba wabwera, wakalipira mayi ake masana onse: "Amayi, inu simumva, mumayenda pansi opanda nsapato!"  Ine kuweramira beseni, kumatsuka thaulo loyera kale. Manyazi andidya. 

Lachisanu, 21 Malichi
Kuntchito manja olemera. Nsapato iliyonse ndikupisamo kawiri, mpaka kasitomala wina wafunsa ngati ndatayiramo kanthu.

Lachitatu, 2 Epulo
Mankhwala agwira pang'ono. Mnofu wofiira m'mbali mwa chilonda. Adokotala sakulonjeza, akuti tionenso sabata yamawa.
Titafika kunyumba ndawasambitsa phazi labwinolo, ndapukuta chala chimodzichimodzi. Kenako ndatsegula kachitini, ndaika msomali m'dzanja mwawo. 
Sanadabwe. Akuti anaupeza tsiku lomwe lija la sokosi. "Ndikanamuuza mwana uja, bambo, mukanamuyang'ana ndi nkhope iti?"
Mwezi wathunthu akunyozedwa m'malo mwanga.
Atola nsapato yakumanja, andipatsira. "Pisanimo. Phazi labwino ndatsala ndi ili."
Ndapisa.