Mano a Tikondwe ndi Dzino Langa

Bambo a Tikondwe,

Musandifune kudimba, ndathamangira kuchipatala ndi mwana. Chidzukire akukana phala, akungogwira pakamwa n'kumalira. Nditamuyasamulitsa ndapeza kuti mano awiri akutsogolo aja, amene munkawaonetsa anzanu ku Linthipe, abowoka ngati chimanga cha anankafumbwe.

Zikomo kwambiri, adokotala a m'nyumba muno, chifukwa cha mankhwala anu otontholetsera mwana, tiyi wa shuga masupuni atatu m'botolo ndi switi tsiku lililonse la msika. Agwira ntchito ndithu.

Koma musanyade, ulemuwu si wanu nokha. Mwezi watha kusikelo anamwino anandichenjeza kuti tizilombo ta m'dzino langa lobowokali timapita kwa mwana ndikamamutafunira mbatata kapena kunyambita supuni yake. Ine wanzerune ndinaseka, n'kuwauza kuti amayi anga anatitafunira tonse asanu ndi awiri ndipo tinakula. Anamwinowo anangondifunsa kuti m'kamwa mwangamu mwatsala mano angati.

Ndiye lero akationa tonse awiri. Dzino langali, limene munkati litha ndi madzi amchere, mwina akalizula.

Inu thirirani kabichi, mbuzi muzimangirire kutali ndi nyemba. Botolo musavutike kulifuna, ndaliponya m'chimbudzi. Pepani, jekete lanu la kutchalitchi ndamufunditsa mwana, kunja kuli nkhungu.

Amayi anu akabwera kudzanenanso kuti mano a mwana n'ngosadetsa nkhawa poti adzagweruka okha, muwapatse mpando andidikire. Ndidzawayankha mwaulemu tsaya likaphwa.

Ndine,
Jesinta