Batani lomwe linatsitsa malume a Sungeni

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'malo koyamba pa masabata awiri, koma patsala kanthu kamodzi kakundiluma. Ndine mtsikana wa zaka 26 wa ku Kawale. Ndinadziphunzitsa ndekha kupanga mawebusaiti, ndipo tsamba lanuli sindiliphonya chifukwa cha timizere ta khodi timene mumatigawira.

Mng'ono wanga Thandie ali ndi chinkhoswe Loweruka likubwerali. Ine ndinadzipereka kumupangira webusaiti yokhala ndi mapu a ku holo, zithunzi ndi pulogalamu ya mwambo. Pa pulogalamupo ndinaika mayina a akuluakulu a kuchikazi, woyamba malume athu aakulu a Sungeni, amene ndi eni mbumba komanso ankhoswe, kenako ena motsatira kubadwa. Amayi anandiuza katatu kuti, "Mayinawo usawasokoneze. Kwathu ku Ntcheu wamkulu sakhala pansi pa mng'ono wake." Ndinawonjezanso batani loti mlendo akalidina, limutengere pa tsamba lina pomwe mayina omwewo asanjidwa motsatira alifabeti. Palibe anandituma za batanilo, kunali kudzionetsera chabe.

Patapita masiku atatu, akazi a malume, a Magret, anaponya chithunzi pa gulu la WhatsApp la komiti ya chinkhoswe. Pulogalamu yanga yomwe ija, koma a Sungeni ali pansi penipeni, pamwamba pali mng'ono wawo a Enerst. Aphungu, awiriwa akhala akukokanakokana kwa zaka za yemwe ayenera kulankhulira mbumba. Malume anaimbira amayi foni n'kunena kuti, "Ngati mwasankha Enerst, tambala akalandire Enerst yemweyo. Ine musandiyembekezere." Thandie analira mpaka maso kutupa.

Ndinatsegula webusaitiyo pa laputopu, mayina ali bwinobwino. Pa foni yanga, chimodzimodzi. Ndiye ndinati basi, wina wasintha dala kenako n'kubwezeretsa. Pasiwedi tinali nayo awiri, ine ndi Maureen, mlongo wake wa mnyamata amene akukwatira Thandie, yemwe ndinamupatsa kuti aziika zithunzi. Ndinapsa mtima n'kulemba pa gulu kuti, "Amene ali ndi pasiwedi tikumudziwa. Ngati sakufuna mlamu angonena." Maureen anangoyankha kuti, "Ine ndinangoika mapikicha, sisi," n'kutuluka pa gulupo. Malume atamva izi mtima wawo unatsika. Anati, "Ndi mwana wa eni ake, mwambo wathu saudziwa. Ndibwera."

Dzana ndili m'minibasi yopita m'tauni, ndinadina batani lija koyamba chilipangireni. Nditabwerera pa pulogalamu, a Enerst ali pamwamba! Ndinatseka n'kutsegulanso, a Sungeni abwerera pamalo pawo. Ndinabwereza kasanu mpaka kupitirira siteji yanga. Wolakwa anali kamzere kamene ndinalemba ndi zala zangazi: mayina.sort(). Batanilo ndalichotsa.

Ndinaseka ndekha m'minibasimo ngati wopenga. Palibe mdani, palibe wansanje, Thandie sakukwatiwa kwa anthu omuda. Ndagona tulo teniteni masiku awiriwa.

Koma nanga Maureen? Malume akubwera, aliyense wakhala chete. Ndikaulula, ndikuopa kuti malume adzati mdzukulu wawo weniweni ndiye anawatsitsa, moto n'kuyakanso. Kodi ndingokhala chete mpaka chinkhoswe chidutse? Komanso batani langalo ndingalibwezeretse bwanji osatsitsanso munthu?

D.G., Kawale, Lilongwe

Mwana wanga D.G.,

Inenso ndapuma nditafika pa ndime ya minibasi ija. Ndimaopa kuti undiuza za munthu woipa mtima, pomwe ndi kamzere kamodzi. Vuto loonekera kwa ena koma kwa iwe ayi lazunguzapo akatswiri oposa iwe, ndipo walipeza wekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chabe kuti iwe unadekha utalankhula kale.

Tiyambe ndi chosavutacho. Sort sakupatsa mndandanda watsopano, amasanja womwe wamupatsawo. Ali ngati mlendo amene wamupempha kuti akuwerengere mbale, iye n'kukusinthira kabati yonse. Masamba ako awiri aja ankatunga pa mndandanda umodzi, ndiye lina litausanja, linzake linaupeza wosanjidwa. Zinkachitika m'foni ya wodina batani yekhayo, ndipo akatsegulanso zinkafufutika. N'chifukwa chake a Magret anaziona, iwe ayi. Lemba chonchi:

const aZ = [...mayina].sort();

Timadontho titatuto timakopera mayina, ndiye sort akusewera ndi kope, mndandanda wa amayi ako uli chikhalire. Palinso toSorted amene amachita zomwezo, koma mafoni akale ena samudziwa, ndipo alendo ako ambiri si a mafoni atsopano. Pamwamba pa khodi yako wonjezera ichi:

Object.freeze(mayina);

Ukatero, tsiku limene udzaiwale kukopera, khodi idzakana pompo iwe ukuona, m'malo mokuchititsa manyazi pa gulu. Samalanso ndi reverse, push ndi splice, khalidwe lawo ndi lomwelo. Map ndi filter ndiwo ana oleredwa bwino, amabweza chatsopano osakhudza cha eni. Lamulo ndimalibwereza pa tsamba lino mpaka ena kutopa nane: fankishoni ilandire, ibweze, isasinthe chimene yabwereka. Ndipo usanatumize webusaiti kwa anthu, dina batani lililonse, bwerera m'mbuyo, dinanso, makamaka pa foni ya munthu wina.

Tsopano chovutacho. Ayi, usakhale chete. Mtendere umene uli kwanuwo wakhala pamsana pa Maureen, ndipo iye sanavomere kuusenza.

Pita kwawo mawa, ndi miyendo yako, osati meseji. Nyamula laputopu, bwezeretsa khodi yakale ija, umupatse adine yekha batanilo aone a Enerst akukwera. Kenako upepese popanda "koma". Ukachoka apo n'kuonananso ndi malume, lemba pa gulu lomwe lija, poti unamunyozera pagulu, usamuyeretsere kuseri. Mizere iwiri yakwana: vuto linali langa, Maureen sanakhudze kanthu.

Kwa malume upite ndi amayi ako gulu lisanamve, asazimvere kwa ena. Za sort usawafotokozere, sizidzawakhudza. Gwada unene kuti, "Malume, ndinalakwitsa ndine pa ntchito yanga, palibe anandituma." Chimene chinawapweteka ndi kuganiza kuti mbumba yawakana mwadala. Akadziwa kuti palibe anasankha a Enerst, adzakukalipira, mwina mpaka tiyi kuzizira, koma tambala adzalandira. Munthu amene wakhululukira mwana wa eni ake sangalephere wake.

Ndikuchenjeze pomaliza. Ukati udikire chinkhoswe chidutse, udzati ukwati udutse, kenako mwana abadwe, ndipo mlandu suola. Iwe Loweruka madzulo udzabwerera ku Kawale ndi laputopu yako. Thandie ndiye akalowe m'banja la Maureen, ndipo akamupeza mlamu wake akukumbukirabe mawu ako aja. Mndandanda umakopereka, mwana wanga, koma dzina la Maureen lilibe kope. Ulibwezeretse pamalo pake Loweruka lisanafike.

Aphungu