Mbaula m'kachipinda ka mbande

Rosina 07:48
botolo la yisiti ndi shuga lija lafa. ngakhale thovu pang'ono palibe

Rosina 07:49
achimwene Bizwell mukuona? kuzizira kwa June uku. manje mbande zanga za tomato CO2 ziipeza kuti

Paison 07:55
amake Nomsa ndinakuuzani kale. mbaula basi. malasha akamayaka amatulutsa CO2 yemweyo, kuonjezera apo mbande zimva kufunda

Rosina 07:57
ndinaika dzulo masana monga munanenera. mutu unandiwawa mpaka madzulo, ndinasanza kawiri

Paison 07:58
malungo amenewo. mwamwa panado?

Paison 08:01
ku farm komwe ndimatsitsa feteleza amayatsa gasi mu greenhouse, ndinaona ndi maso angawa. tomato wake ngati chibakera changa

Rosina 08:03
kkk inu mumangothera pa geti ndi truck yanu. amene amagwira mu greenhouse ndi achimwene

Paison 08:04
nanga alamu angawo akuyankha?

Rosina 08:04
foni amasiya mu loka akalowa shift. mpaka lunch

Rosina 08:11
ine mutuwu ukundiopsa atate Nomsa. koma chaka chatha munaona, dimba lonse linafota tomato ali ndi maluwa. izi ndamezanitsa pa mizu ya impwa, imodzi imodzi ndi lezala, zala zonse mabala. zikafa izi sindidzadzalanso. ndatopa

Paison 08:15
sizifa. ndikanabwera kudzathandiza koma ndikadali pa boda ya Mwami, agent sanatulutse mapepala a katundu. pafupi pompa koma truck sindingasiye

Rosina 10:20
📷 chithunzi

Rosina 10:21
Nomsa ali ku sukulu, ndayatsa. pa zenera ndamata pulasitiki, pansi pa chitseko ndatseka ndi saka

Paison 10:24
eya. mpweya usathawe, apo ayi malasha angopsa pachabe

Rosina 10:26
ndikhalamo pang'ono. impwa ikuphukira pansi pa polumikiza, ndithothole isanadye mphamvu ya tomato

Rosina 10:58
muno mwafunda bwino. utsi palibe, malasha afiira psuu

Rosina 11:14
mutu wayambanso. ngati wina akukhoma msomali

Paison 11:16
tulukani mumwe madzi kaye

Rosina 11:17
ndikatsegula mpweya wonse utuluka. yatsala tray imodzi chabe

Rosina 11:31
🎤 mawu 0:11
atate Nomsa... miyendo yalemera... ndingokhala pansi pang'ono... tulo tokha tokha

Paison 11:53
sorry ndinali kwa agent. mwagona pakati pa mbande? kkk

Paison 12:09
amake Nomsa

Paison 12:18
📞 sanayankhe

Paison 12:19
foni mwaiika pa silent kapena

Bizwell 12:34
ndangotuluka kumene. ndikuwerenga

Bizwell 12:35
MBAULA??

Bizwell 12:35
Rosina tuluka m'menemo. tuluka manje manje

Bizwell 12:36
📞 sanayankhe

Paison 12:36
alamu chavuta ndi chani? wagona chabe, watopa

Bizwell 12:37
🎤 mawu 0:29
Alamu mvetserani. Gasi wa kuno ali ndi mita, ali ndi mafani, ali ndi belu lolira mpweya ukaipa. Malasha m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wina, wakupha. Munthu amayamba mutu, kusanza, kenaka tulo. Si tulo timeneto. Ine ndinati yisiti, yisiti basi!

Paison 12:38
koma anati utsi palibe

Bizwell 12:38
suoneka, sununkha. pezani munthu wapafupi pls. ine ndili ku Lusaka ndingachite chani

Paison 12:41
aneba athu amake Sipho sakuyankha, ayenera ali ku msika

Paison 12:41
Rosina iwe dzuka

Bizwell 12:42
wina!! aliyense mu Nabvutika

Paison 12:45
ndawapeza a Edita, a nyumba ya kuseri. akuthamangira

Bizwell 12:45
auzeni asalowe kukakhalamo. atsegule chitseko, ang'ambe pulasitiki, amukokere panja. munthu wopuma mpweya wa malasha sapatsidwa madzi, ndi ku chipatala straight

Paison 12:47
truck ndaisiya. andichotse ntchito akafuna. ndikusaka taxi

Paison 12:52
ndakwera

Bizwell 12:58
a Edita afika?

Rosina 13:03
ndine Edita, foni ya amake Nomsa ndaitola pansi

Rosina 13:04
🎤 mawu 0:34
Atate Nomsa, chitseko chinakanika ndi saka lija, tachita kuthyola ndi achimuna anga. Tawapeza atatsamira khoma, mutu uli pa mawondo, tinthambi tili m'manja. Taitana, tagwedeza, zii. Mayo ine! Tawanyamula, tili m'galimoto ya a Majid a pa shopu.

Bizwell 13:05
akupuma?

Rosina 13:07
pang'ono. patali patali

Paison 13:08
muziwalankhula. muwauze ndili m'njira

Paison 13:09
muwauze mbande tidzamezanitsa zina, ndidzagwira lezala ndine

Bizwell 13:11
mukafika nenani kuti ndi malasha. musanene malungo. MALASHA. afunika oxygen

Rosina 13:19
tafika, awalowetsa. ndanena monga mwanenera

Paison 13:22
driver uyu akuima paliponse kutola anthu. ndamukalipira

Bizwell 13:24
alamu dzulo anasanza kawiri. anakuuzani

Paison 13:24
ndikudziwa

Bizwell 13:25
ndiye inu mukuti panado

Paison 13:31
ndikudziwa alamu. ndikuopa ine

Bizwell 13:40
a Edita kuli bwanji

Bizwell 13:46
a Edita

Rosina 13:51
adokotala atuluka. afunsa kuti amuna awo ali kuti

Rosina 13:52
ndati ndiuzeni ine ndine neba. akuti adikira atate Nomsa

Paison 13:57
ndili pa geti la chipatala

Bizwell 14:10
alamu

Bizwell 14:26
📞 sanayankhe

Bizwell 14:48
alamu ndi mlongo wanga ameneyo. ndiuzeni chabe